Funsani Injiniya: Maring'i ogona pa kaphewa ka mzati

FUNSO: Bambo Injiniya, ndikumanga shedi ya chigayo ku Chinamwali. Mizati yake ili ndi tiphewa ta konkire, tija mumati corbel, pokhazikapo bimu. Papulani maring'i a kaphewako, tizitsulo tija timazungulira zitsulo zikuluzikulu, ajambulidwa ogona, pomwe mu bimu timawaimika. Anzanga akuti wojambula anasokoneza. Ndiwaimike tisanathire konkire? Ndine mmisiri, Zomba.

YANKHO: Ayi bambo, asiyeni agone. Wojambulayo akudziwa ntchito.

Kaphewa si bimu yaifupi. Katundu amakhala pafupi kwambiri ndi mzati, pamtunda wosaposa kuya kwa kaphewako, ndiye kulemera kumatsika chopendekeka m'kati mwa konkire kukalowa mumzati, ngati mtengo wochirikiza nthochi. Pamwamba pamakokeka, n'chifukwa chake zitsulo zikuluzikulu, kaya ndi Y16 (za 16mm) kaya Y20 (za 20mm), zimakhala pamwambapo. Mng'alu ukabwera umatsika motsata mzati kapena mopendekeka pang'ono. Ring'i yoimirira ingoyenda nawo limodzi osaugwira. Yogona ndiyo imaudutsa n'kuumanga.

BS 8110, ndondomeko ya kamangidwe ka konkire imene ambiri a ife mainjiniya tinaphunzira ngakhale ku Britain inalowedwa m'malo ndi Eurocode 2 mu 2010, imati maring'iwo akhale m'magawo awiri apamwamba mwa magawo atatu a kuya kwake, ndipo chitsulo chawo chonse chisachepere theka la zitsulo zikuluzikulu zija. Kunsonga nako kusaonde: ngati kuya kwake pamzati kuli 450mm, pomwe pathera bimu pasachepere 225mm. ACI 318, inzake ya ku America, imaonjeza kuti muwerengere mphamvu yokoka cham'mbali yosachepera 20 peresenti ya katunduyo, poti bimu imafupika n'kutalika ndi nyengo. Kuzizira kwa Juni kuno ndi kutentha kwa Okutobala mukukudziwa.

Pomwe ine ndimaopa kwenikweni ndi kunsonga. Amisiri ambiri amadula zitsulo zapamwamba n'kuzisiya zili chilili. Zipindidwe zibwerere, kapena ziwotcheredwe ku chitsulo chopingasa. Bimu isakhale kupitirira pomwe zayambira kupindika, apo ayi nsonga idzabenthuka maring'i ali chiyang'anire.

Malowo ndi opanikizika, choncho pezani miyala ya kwale yaing'ono, mchenga wopanda dothi, ndipo vayibuleta yogwedezera konkire ifike m'makona. Muitaneni injiniya wanu aone zitsulo musanatseke matabwa, mumuuzenso kukula kwa injini ya chigayocho, chifukwa kunjenjemera kwake kudzafika pamizatiyo tsiku ndi tsiku.