Yankho kwa achemwali a ku Bangula pa za mlongo wawo

Achemwali, mwafunsa ngati pali malo amene mungakasiyeko mlongo wanu wa zaka 34, amene anabadwa ndi ulumali wa muubongo, popeza mayi anu amene akhala akumusamalira mphamvu zayamba kuwathera. Ena m'gulu muno akuti mupite naye ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, koma ine sindikugwirizana nawo, chifukwa ulumali wobadwa nawo si misala, ndipo chipatala chija ndi chochizirako odwala, osati chosungirako anthu. Chimene mlongo wanu akusowa ndi pogona pakepake, chochita tsiku ndi tsiku, ndiponso anthu omudziwa bwino amene adzakhale naye mayi akadzapita.

Yambani mwapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma la Nsanje, mukafunse za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 pofuna kuthandiza mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Mukafunsenso za MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, limene linalowa m'malo mwa bungwe lakale la MACOHA potsatira lamulo la anthu aulumali la 2024. Maphunziro a ntchito zamanja a anthu aulumali amachitikira ku Magomero m'boma la Chiradzulu, komabe wophunzira akamaliza amabwerera kwawo, choncho nkhani yaikulu ikhalabe pakhomo panu.

Kuno kuchigwa ntchito zimene angathe si zosowa: kuweta mbuzi, kuthirira kudimba, kutola thonje kapena kuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Muphunzitseni ntchito imodzi pang'onopang'ono, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kufikira atazolowera. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi chakuti mbuzi ziwiri kapena zitatu zikhale zakezake, ndipo anyakwawa ndi akuluakulu a banja adziwe zimenezi mayi akadali moyo, pakuti tonse taonapo mmene katundu amasowera maliro akangotha. Chenjeraninso ndi olemba ganyu. Alipo anthu, ena mwa iwo opemphera ndithu, amene amagwiritsa munthu wotere ntchito tsiku lonse padzuwa la mu Okutobala n'kumulipira mbale ya nsima, mwinanso kachasu. Mtengo wa ganyu muzipangana ndinu, iye ali pomwepo akumva.

Za pogona, mumangireni kanyumba kake pafupi ndi m'bale amene amamvana naye, pamalo okwera. Madzi osefukira a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anathamangitsira anthu ambiri m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo m'chipwirikiti chotero munthu wochedwa kumvetsa zinthu satenga nthawi kusochera. Sankhiranitu munthu mmodzi amene adzamugwire dzanja madzi akadzabwera usiku, ndipo ngati amamwa mankhwala a khunyu, azikhala m'kathumba kapulasitiki pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

Pokumana a pabanja, muitaneni nayenso, mumufunse kuti akufuna kukhala ndi ndani.