404 kapena Nissan 1400? Ine ndinazionera pa Khwekhwerere

Achimwene, mwafunsa kuti mutenge iti pakati pa magalimoto awiriwa; zapapepala n'zosavuta. Peugeot 404 inatuluka mu 1960, injini yapetulo ya 1618cc, magiya anayi osinthira pachiwongolero, ndipo ku Kenya ankaimangabe mpaka 1991. Nissan 1400 ili ndi injini ya A14 ya 1397cc, katundu wake ndi hafu tani, ndipo ku South Africa anasiya kuipanga mu 2008, n'chifukwa chake masipeya ake akadali mbwee.

Koma ine ndikangomva 404 thupi limachita tsembwe. Ndinali ndi pikiapu yake, ya mabuleki a dramu mawilo onse. Ndinaipereka kwa makaniko wina kuti asinthe marabala a master cylinder (pampu ya mabuleki), ndalama n'kulipiratu. Kutacha ndinapakira matumba a mbatata ku Dedza kutsikira ku Golomoti pa msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere, mayi a kunyumba ali pambali, mwana kumanja. Pa kona yachitatu ndiponde buleki, phazi linangolowa mpaka pansi, fwaa! Kupopa, palibe. Kumanzere phompho, kutsogolo njinga yamakala. Ndinakankhira giya yachiwiri injini ikulira ngati iphulika, handibuleki ndakoka mpaka mkono kuuma, kenako ndinaikhulitsa kukhoma la phiri dala. Tinaima galasi litasweka, mbatata zili balala mumsewu, mayi akungotchula Yesu. Mwana sanalire n'komwe, anangondiyang'ana. Maso amenewo mpaka lero ndimawaona.

Titamasula tinapeza munthu uja anaika marabala akale a galimoto ina, osakwana bwino, atawakulunga ndi tepi. Tepi, abale! Nditamupitira akuti "bwana, galimoto yakalamba." Yakalamba ndi galimoto kapena ndi mtima wakowo? Ndalama yanga anadya, kupepesa ayi. Anthu oterewa akupha mabanja.

Nissan ikanakhala iyo, marabala enieni ndikanawagula tsiku lomwelo mu Limbe kapena ku Lilongwe, imamwanso mafuta pang'ono. Komabe mukandifunsa ine, tengani 404. Galimoto imene inapambana mpikisano wa magalimoto wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968 si yamasewera, pamsewu wafumbi imayenda mofewa, Nissan yopanda katundu imakudumphitsani ngati chule. Kungoti sipeya muzigula nokha, muimirire pomwepo akamamanga, ndipo Khwekhwerere muzitsika ndi giya yachiwiri kuyambira pamwamba.