Mafunso a Owerenga: Kusankha Pulogalamu ya CAM

Funso: Tagula makina a CNC osemera zitsulo, a ma axis atatu, okhala ndi controller (kompyuta yoyendetsa makinawo) ya Fanuc. Ena akuti tigule Mastercam, ena Fusion, ena akuti FreeCAD ndi yaulere, ndiye titayirenji ndalama. Timvere ndani?

Yankho: Musanatengeke ndi dzina la pulogalamu, yambani mwafunsa za post processor. Pulogalamu ya CAM imakonza njira imene mpeni udzayendemo, koma makina amangomva G-code (malamulo olembedwa ndi zilembo ndi manambala), ndipo post processor ndiyo imamasulira njirayo m'chilankhulo cha controller yanu. Fanuc, Haas ndi Siemens Sinumerik zimamvana pa malamulo oyendetsera mpeni monga G00, G01 ndi G02, koma zimasiyana pa zina monga ma cycle oboolera. Heidenhain ili ndi kalembedwe kakekake kotchedwa Klartext. Post ikaiwala G43 (lamulo louza makina kutalika kwa mpeni) ndi nambala yake ya H yolondola mpeni ukasinthidwa, makina sadziwa kutalika kwa mpeni watsopanowo, ndipo ukhoza kulowa mu vise (chopanira chitsulo), ngakhale pa kompyuta zonse zimaoneka bwinobwino.

Mastercam ndi ya kampani ya ku Connecticut, ku America, imene inayamba mu 1983, ndipo kampani ya Sandvik inaigula mu 2021. Ubwino wake ndi wakuti amisiri ambiri amaidziwa kale, komanso imakulolani kulamulira kanthu kalikonse: polowera mpeni, potulukira, pokwezera. Post yake nthawi zambiri imadzera kwa wogulitsa, choncho mugwirizane polemba kuti kukonza post kuli mumtengo womwewo.

Fusion ya Autodesk imaphatikiza kujambula ndi CAM pamodzi. Mukasintha kukula kwa bowo pachojambula, imakuuzani kuti njira ya mpeni iwerengedwenso. Ma post ake ndi aulere, olembedwa mu JavaScript, ndipo munthu woleza mtima amatha kuwakonza yekha. Koma layisensi yake ndi yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo imadalira intaneti. Chenjerani ndi layisensi yake ina yaulere, ya munthu payekha: chiyambire 2020 inachotsedwa kuthamanga kwa rapid (kuyenda msanga kwa mpeni pamene sukudula) ndi kusintha mpeni kwa makina okha, ndiponso siyovomerezeka pa bizinesi yeniyeni.

FreeCAD inatulutsa 1.0 mu Novembala 2024, ndipo gawo lija linkatchedwa Path tsopano ndi CAM. Pa ntchito ya maenje, m'mphepete ndi mabowo imakwanitsa ndithu. Pa nkhope zopindika monga za zikombole idakali m'mbuyo, ndipo zikavuta palibe wogulitsa womuimbira foni.

Ngati mumajambula nokha ndipo ntchito zanu ndi zazing'onozing'ono zosinthasintha, Fusion yolipira ndi yokwanira. Ngati mumajambula kale mu SolidWorks, onaninso SolidCAM, imene imagwira ntchito mkati mwake momwemo. PowerMill, hyperMILL ndi Siemens NX ndi zamphamvu pa ma axis asanu. Pa makina anuwa mungalipire zinthu zimene simudzazikhudza.

Musagamule poona chitsanzo cha wogulitsa. Tengani chipangizo chanu chimodzi chokhala ndi dzenje lakuya, mabowo odulidwa mazinga ndi nkhope yopindika, muchikonze m'mapulogalamu awiri. Tsegulani G-code yake muone ngati muli G21 (kuyeza m'mamilimita), G90 (kuyeza kuchokera poyambira pamodzi), G54 (poyambira pa chipangizo) ndi G43. Kenako iyendetseni m'mwamba, mamilimita 50 pamwamba pa chitsulo, mzere umodziumodzi, rapid mutaichepetsa.

Funso: Adaptive Clearing, Dynamic Motion ndi iMachining ndi zosiyana, kapena ndi mayina otsatsira malonda chabe?

Yankho: Loyambalo ndi la Fusion, lachiwiri la Mastercam, lachitatu la SolidCAM, koma nzeru yake ndi imodzi. Posema dzenje mwa njira yakale, mpeni ukafika pakona umaluma chitsulo chambiri mwadzidzidzi. Apo ndi pamene umalira kapena kuthyoka. Njira zatsopanozi zimauyendetsa mokhotakhota kuti uzidya mlingo wofanana nthawi zonse, pang'ono cham'mbali koma mozama, mpaka kawiri kukula kwake.

Kumene anthu amaphonya ndi pa feed, liwiro limene mpeni umayendera podula. Tinene end mill (mpeni wozungulira wosemera) ya carbide ya mamilimita 10, ya mano anayi, pa chitsulo chofewa, liwiro lodulira mamita 120 pa mphindi. Spindle, chozunguza mpeni, izungulira maulendo pafupifupi 3,820 pa mphindi. Dzino lililonse likamadya mamilimita 0.04, feed ndi 0.04 × 4 × 3,820, kutanthauza mamilimita 611 pa mphindi. Koma mukamadya milimita imodzi yokha cham'mbali, nyenyeswa imapyapyala kuposa 0.04, ndipo feed iyenera kuchulukitsidwa ndi 1.67 kuti ibwerere mwakale: pafupifupi 1,020. Mukaisiya pa 611, mpeni umangokhula m'malo modula, umatentha n'kubuntha msanga. iMachining imawerengera yokha izi mukaiuza mtundu wa chitsulo ndi mphamvu ya makina. M'mapulogalamu ena muziona nokha ngati zawerengeredwa.

Funso: Pa nkhope zopindika makina athu amayenda modukizadukiza, ndipo chitsulo chimatuluka ndi timizere. Kodi pulogalamu ndi yoipa?

Yankho: Kawirikawiri vuto ndi tolerance, mlingo umene njira ya mpeni imaloledwa kupatuka pa chojambula. Mukaika mamilimita 0.001, CAM imaduladula mzere wopindika kukhala tizidutswa towongoka ta G01 tambirimbiri, ndipo controller yakale imalephera kuwerenga msanga, ndiye imangoima n'kuyambanso. Posema koyamba kochotsa chitsulo chambiri, 0.05 ndi yokwanira. Pomalizitsa yesani 0.01. Yatsani Smoothing mu Fusion kapena arc filter mu Mastercam kuti tizidutswato tisanduke mizere yokhota ya G02 ndi G03. Fayilo imachepa, zomwe zimathandizanso makina a memory yochepa amene amalandira pulogalamu pang'onopang'ono kudzera pa chingwe cha RS-232.

Timizere tofanana kutalikirana kwake tili ndi gwero lina: ndi stepover, mpata wa pakati pa mzere umene mpeni wadula ndi wotsatira. Kutalika kwa kamzere kotsala ndi stepover kuchulukitsa ndi yokha, kugawa ndi radius ya mpeni (theka la kukula kwake) yochulukitsidwa kasanu ndi katatu. Ball nose (mpeni wa nsonga yobulungira) ya mamilimita 6 pa stepover ya 0.3 imasiya pafupifupi 0.004, pa 0.6 imasiya 0.015, kanayi kuposa poyamba.

Funso: Router yanga ya GRBL imakana pulogalamu ikafika poboola. Ndisinthe CAM?

Yankho: Ayi, sinthani post. Controller ya GRBL simva malamulo oboolera a G81 ndi G83, ngakhalenso G41 kapena G42. Sankhani post ya GRBL, imene imalemba kuboolako ndi G00 ndi G01, ndipo mpeni uliwonse muupatse fayilo yakeyake. Ngati ntchito yanu ndi ya matabwa ndi kuzokota zilembo, VCarve ya Vectric idzakufulumizitsani kuposa Mastercam, monganso SheetCam imachitira kwa odula malata ndi plasma.