Tifunseni za mafilimu: maola atatu ndi theka pampando umodzi

Funso: Anzanga amaitama kwambiri filimu ya Killers of the Flower Moon. Ndinayesa kuionera pafoni koma tulo tinandigwira isanafike pakati. Wakupha tikumudziwa kale, apolisi sakuoneka. Kukoma kwake kuli pati? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Inu mumadikira kuti wakupha aululike, pomwe Martin Scorsese, amene anatulutsa filimuyi mu 2023, amamuonetsa poyera kuyambira koyambirira. Nkhaniyi inachitikadi. M'zaka za m'ma 1920, anthu a mtundu wa Osage ku Oklahoma, m'dziko la America, analemera ndi mafuta a pansi pa nthaka yawo. Gawo la munthu pa ndalamazo silinkagulitsidwa, koma mwini akamwalira linkapita kwa olowa chuma. Mzungu wina, William Hale, anaona mpata pamenepo. Iye anali malume ake a Ernest Burkhart, mwamuna wa Mollie, mayi wa mtundu wa Osage, ndipo abale a Mollie anayamba kufa mmodzimmodzi.

Choti muzitsatira ndi ichi: Mollie adzazindikira liti kuti mdani amagona naye m'nyumba? Yang'anitsitsani pamene Ernest akumubaya jakisoni wa matenda a shuga atasakanizamo mankhwala omufoola. Lily Gladstone, amene akusewera ngati Mollie, salankhula zambiri. Maso amangoima pa mwamunayo, kenako n'kugwa pansi. Pachinsalu cha kusinema nkhopeyo imakula kuposa chitseko, kuphethira kulikonse kumaoneka. Pafoni mumangoona mayi ali chete.

Mawu nawo amatayika. Nyimbo za Robbie Robertson zili ndi kugunda kwapansipansi kosalekeza, ndipo ndi kumene kumamusowetsa mtendere woonera ngakhale anthu akungodya patebulo. Kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi otero. Za apolisizo, Tom White wofufuza amafika patadutsa maola pafupifupi awiri. N'zadala: a Osage ankaikidwa m'manda popanda wofunsa, ndipo kutopa kodikirako nanu mukulawe.

Funso: Ndikakhala ndi mwayi woonera filimu yotalika chonchi kusinema, ndikonzekere bwanji? Wowerenga wa ku Johannesburg

Yankho: Filimuyi ndi ya maola 3 ndi mphindi 26, yopanda nthawi yopumira. Onjezanipo mphindi 15 kapena 20 za zotsatsa malonda, ndiye kuti maola pafupifupi anayi apita. Sankhani ya masana. Yoyamba 8 koloko usiku imatha cha pakati pa usiku, ndipo chigawo cha kukhoti, chomwe chimafuna mutu wogwira, chimakupezani mukusinza.

Idyani mopepuka kutatsala ola limodzi kapena awiri. Nsima yokhuta ndi mdima zikakumana, mwagona basi. Zakumwa zikhale botolo laling'ono la madzi, ndipo mudzere kuchimbudzi zotsatsa zili mkati. Chikho chachikulu cha zoziziritsa kukhosi chidzakudzutsani pampando nkhani itafika pokoma.

Mpando ukhale wa pakati pa mzere, mutapitirira pang'ono theka la holo kulowera kumbuyo. Kutsogolo khosi limawawa, ndiponso maso amayenda mtunda wautali pakati pa nkhope ndi mawu olembedwa pansi, amene muwafuna anthu akamalankhula chiyankhulo cha Osage. Tengani juzi, maholo ambiri amazizira. Foni muzimitsiretu, chifukwa kuwala kwake kumachititsa khungu kwa kanthawi pa zithunzi za usiku.

Mayina ndi ambiri, koma gwirani a azibale ake a Mollie: Anna, Minnie, Rita ndi mayi awo Lizzie. Aliyense akamwalira, dzifunseni kuti gawo lake lapita kwa yani.

Funso: Kwathu kulibe sinema. Kuidula pawiri n'kulakwa? Wowerenga wa ku Karonga

Yankho: Ayi, bola muidule kamodzi kokha, pamene Tom White wagogoda pakhomo la Ernest, ndipo mumalize mawa lake lomwelo. Zimitsani magetsi, lumikizani TV ku sipika yaikulu kapena valani mahedifoni.