Funsani Dokotala: Kodi chipatala chaching'ono chimatseka usiku?

Funso: Adokotala, mwana wanga wazaka zitatu anayamba kukomoka cha m'ma 11 koloko usiku thupi litatentha kwambiri. Pachipatala chathu chaching'ono tinapeza zitseko zotseka, mpaka mlonda anachita kukadzutsa adokotala kunyumba kwawo. Mwana ali bwino tsopano, koma kodi ndi mmene ziyenera kukhalira? Ndine mayi wa ku East Bank, Chikwawa.

Yankho: Mayi, munachita bwino kunyamuka usiku womwewo osadikira kuti kuche. Kukomoka kwa mwana wotentha thupi kuno kuchigwa cha Shire timayamba taganizira malungo aakulu, ndipo amenewo sadikira tambala.

Zitseko kukhala zotseka si kuti chithandizo chatseka. Zipatala zambiri zazing'ono zili ndi dokotala mmodzi kapena awiri ndi anamwino ochepa. Yemwe waona odwala pamzere tsiku lonse, kutentha kwa mu Okutobala kuli tho, ndi yemweyonso wodzutsidwa usiku. N'chifukwa chake nyumba za ogwira ntchito zimamangidwa pafupi ndi chipatala. Choncho mlonda kukagogoda si chachilendo. Cholakwika n'choti pasapezeke wodzutsidwa n'komwe, kapena akuuzeni kuti "bwerani mawa" mwana akukomoka. Zikatero kadandauleni kukomiti ya chipatalacho kapena kwa ombudsman wa pachipatala. Mkuluyu ntchito yake ndi yomva madandaulo anu.

Koma dziwani zomwe chipatala chaching'ono chingathe usiku. Atha kuyeza malungo, kubaya jakisoni wa malungo aakulu wotchedwa artesunate, kuletsa kukomoka, kuika dripu, kuchiritsa mayi ndi kumubaya oxytocin woletsa kutaya magazi. Oxytocin ameneyu amafuna furiji, ndiye sola ikafa, vuto silikhala la mdima wokha, ngakhale kusoka bala ndi tochi ya foni nakonso si masewera. Kuika magazi ndi opaleshoni ya mayi woyembekezera, zimenezo n'zakuchipatala chachikulu: cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, cha mishoni cha Montfort ku Nchalo, kapena Trinity ku Muona. Zikakanika kumeneko, ulendo ndi wokwera mapiri a Thabwa kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa ine, chomwe chimatilanda anthu ambiri usiku ndi msewu, osati loko wa pachitseko. Ambulansi imodzi imatumikira zipatala zingapo, nthawi zina mafuta kulibe, ndipo dzinja likafika mitsinje yochokera kumapiri a Thyolo imadula msewu wa East Bank. Munaona nokha nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madera ngati Makhanga madzi akasefukira amafikika pabwato basi.

Tsono konzekani kudakali kowala. Sungani nambala ya mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto yemwe amayankha foni usiku, ndi kandalama kapadera ka ulendo, olo kochokera kubanki m'khonde. Mayi woyembekezera wa kutsidya kwa mtsinje apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, asadikire kuti matenda amuyambire kunyumba. Ndipo ana ambiri amene timawalandira pakati pa usiku anayamba kutentha thupi dzana. Akanapita masana kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mankhwala a malungo a LA akanathetsa nkhani.

Mwana akakomokanso, mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kalikonse mpaka atatsitsimuka. Wokana kuyamwa, wosanza chilichonse, wopuma mobanika kapena wofooka mpaka kulephera kukhala tsonga, nyamukani naye nthawi yomweyo, buku lake la kuchipatala lili m'manja. Pa mafunso osafuna changu imbani 54747, Chipatala Cha Pa Foni, koma kumeneko amapereka uphungu, si kokaitanira ambulansi.