Zaka zanu 8 za pa chiwongolero woyesa sazilemba

Achemwali, mwafunsa ngati mungangobukitsa mayeso osalipira maphunziro poti kwathu mwayendetsa galimoto zaka 8, komanso kuti kuno ku Britain amachonga bwanji, ndiponso ngati mungayesere pa galimoto ya automatic. Ndikuyankheni ine amene ndinapita ndi maganizo omwewo n'kubwerako manja ali m'khosi.

Laisensi ya ku Malawi imakulolani kuyendetsa miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika kuno. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa zawo, koma ife timayambira pansi: provisional (laisensi ya wophunzira), theory (mayeso a malamulo a pamsewu), kenako mayeso a pamsewu a DVSA, bungwe la boma loyesa madalaivala. Theory imagwira ntchito zaka 2, zikatha musanakhoze a pamsewu mulembanso.

Mayeso a pamsewuwo amatenga mphindi pafupifupi 40. Musanakwere n'komwe, amakuwerengetsani nambala ya galimoto yomwe ili pa mtunda wa mamita 20. Mukalephera apa basi zathera pomwepo, ndiye ngati mumavala magalasi musawaiwale pa tebulo. Pali mafunso awiri okhudza galimoto, lina musananyamuke, lina muli pamsewu, monga kuonetsa mmene mumatsukira galasi lakutsogolo. Ngakhale mutaphonya onse awiri, n'cholakwa chimodzi chaching'ono. Amakupatsaninso ntchito imodzi ya rivesi, kaya kupakira pakati pa mizere, kaya kumbuyo kwa galimoto ina, kaya kuima kumanja n'kubwerera m'mbuyo.

Tsono kachongedwe kake ndi aka. Zolakwa zing'onozing'ono, zomwe aliyense amati ma minor, mutha kukhala nazo mpaka 15 n'kukhozabe. Koma serious (cholakwa chachikulu) imodzi yokha, kapena dangerous (choika anthu pangozi) imodzi, mwagwa, ngakhale kwina konse mwayendetsa ngati dalaivala wa nduna. Komanso minor yomweyomweyo mukamangoibwereza itha kusanduka serious.

Ine ndinali ndi ma minor 3 okha. Pa raundabauti ina ndinachita zomwe manja anga anazolowera ku Blantyre, kulowetsa mphuno pang'ono kuti winayo aone yekha chochita. Mayi wina amene amachokera kumanja anaponda buleki, sanaimbe ndi hutala yomwe. Woyesa sananene kanthu, anangogunda chala pa tabuleti yake. Ndinayendetsa mphindi zina 25 ndikumwetulira, osadziwa kuti ndagwa kalekale. Muyeso wawo ndi umenewo: wina akachepetsa liwiro kapena kukhota chifukwa cha inu, nkhani yakula.

Vuto la ife oyendetsa kale si giya kapena klachi ayi, ndi maso. Timayang'ana pagalasi mwa kuba, ndi kadiso kokha, pamene woyesa amalemba zomwe waona. Galasi kaye, kenako indiketa, kenako kukhota, ndipo ponyamuka m'mbali mwa msewu cheukani ndithu paphewa. Mphunzitsi wanga, bambo wachikulire wosaseka, ankati ndizigwedeza mutu mpaka aziona yekha ali pampando wake. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2022 munthu amene akudikira kuwoloka msewu womwe mukukhotera mumayenera kumupatsa mpata, zomwe kwathu n'zachilendo.

Koma musapitirire n'kukhala wamantha. Kuima pa mphambano msewu uli mbee, kapena kukwawa pa mamailosi 40 pa ola pomwe msewu ndi wa 60 ndipo palibe chovuta, nakonso amalemba. Zina zomwe anthu amaopa si zoopsa. Injini ikazima, kokani handibuleki, lizaninso modekha, yang'anani, pitirizani. Mukaphonya njira yomwe sat nav (kachipangizo kolozera njira) yanena palibe mlandu, bola mwasochera mosamala, osati kudumpha mizere mwadzidzidzi pofuna kukonza.

Ndiye maphunziro lipirani, ngakhale ochepa, ndipo uzani mphunzitsi akuyeseni ngati tsiku lenileni m'misewu yozungulira malo omwe mwabukitsa. Amaloledwanso kukhala kumbuyo pa tsikulo, n'kumva nawo zomwe woyesa anene pomaliza. Mayeso ndi mapaundi 62 mkati mwa sabata, 75 madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo mukagwa mudikira masiku 10 ogwira ntchito, kupatula mzere wa malo womwe m'matauni ambiri ndi wa miyezi.

Za automatic zomwe munafunsa kumapeto zija: mukakhozera pa automatic, ya magiya simuloledwa kuyendetsa. Poti manja anu anazolowera kale magiya, ine ndingati yesani pa ya magiya yomweyo.