Dolphin akakomoka pansi pa nyanja, dayisi inene chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chitakale kuno ku Mulanje, amene Loweruka masana amatsogolera masewero a Dungeons & Dragons (masewero ofotokoza nkhani, momwe dayisi imagamula zochitika) pakhonde pake. Nkhani imene akusewera yafika kunyanja yamchere. Mmodzi mwa osewera ali ndi dolphin womuperekeza, ndipo pa nkhondo ina ya pansi pa madzi nyamayo inalasidwa mpaka ma HP ake, manambala oyezera moyo wake, kufika pa ziro. Dayisi inamukomera mtima, ma death save (kuponya dayisi koona ngati wokomoka afe kapena ayi) atatu onse anatheka, mwini wake n'kuti, "Basi wapulumuka, tikamutenga akatsitsimuka." Mnzake anakana kwamtuwagalu: "Wakomoka m'madzi ameneyo, amira ngati munthu." Anakangana mpaka kunada. Mayiwa akufunsa kuti wolondola ndani.

Achemwali, onse awiri aphonya, kungoti wachiwiriyo waphonyera pafupi.

Lamulo lija loti wopambana ma death save atatu wakhazikika, ndipo adzadzuka yekha ndi HP imodzi pakatha maola 1d4 (ola limodzi mpaka anayi, malinga ndi dayisi), analilemba akuganiza za munthu. Ife tikakomoka chifuwa chimapitiriza ntchito chokha, sitichita kuchiuza. Dolphin sali choncho. Ali ndi mapapo ngati ife, amayamwitsa ana ngati ife, koma amapumira pabowo la pamwamba pa mutu, ndipo bowolo limakhala chitsekere mpaka iye mwini atalitsegula ndi minofu yake. Kupuma kulikonse amachita kufuna. N'chifukwa chake sagona tulo tofa nato: mbali imodzi ya ubongo imagona inzake ili maso, kenako zimasinthana. Madokotala a zinyama anavutika nazo kwambiri zimenezi. Ukamugonetsa dolphin ndi mankhwala kuti umuchite opaleshoni amangosiya kupuma, ndipo zinayamba kutheka bwino m'zaka za m'ma 1960, Sam Ridgway ndi anzake ku America atayamba kugwiritsa ntchito makina omupumitsa.

Ndiye mnyamata woyambayo amuiwale dolphin wodzuka yekha pakatha maola. Koma wachiwiri naye walakwa ponena kuti "ngati munthu". Munthu womira amafika pokoka madzi m'mapapo. Dolphin bowo lake limakhala lotseka, amangobanika pang'onopang'ono mpweya wa m'thupi ukamatha, monga zimachitikira akakodwa mu ukonde wa asodzi. Apa ndi pamene masewero amakomera, chifukwa pali nthawi yoti anzake achitepo kanthu, ndipo nthawiyo ikhoza kuwerengedwa.

Malamulo a masewerowa a 2014 amati munthu amagwira mpweya kwa mphindi imodzi kuphatikiza Constitution modifier yake (nambala yosonyeza kulimba kwa thupi), ndipo ngakhale wofooka bwanji amapatsidwa masekondi 30. Mpweya ukatha amatsala ndi maraundi olingana ndi modifier yomweyo, raundi iliyonse masekondi 6, kenako ali pa ziro. Dolphin anamupatsa mphindi 20, m'bale wake wamkulu killer whale mphindi 30. Kwa dolphin apa anawolowa manja ndithu, popeza weniweni akamasambira chapamwamba amatulutsa mutu kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi. Koma manambalawo sindilimbana nawo. Chimene chimandiwawa n'chakuti bukulo limawerenga mphindi 20 mofanana, kaya nyamayo ikuyandama phee, kaya ikumenyana ndi shaki magazi ali chuchuchu.

Thupi lake siligwira ntchito motero. Nyama zimenezi sizidalira kwenikweni mpweya wa m'mapapo. Zikapita pansi kwambiri mapapo amaphwa ndi kulemera kwa madzi. Nkhokwe yawo ya okosijeni ili m'magazi ndi m'minofu, mu puloteni yotchedwa myoglobin, yochuluka mwakuti nyama ya nangumi imaoneka yakuda bii. Ndiye nkhokweyo amaidya monyenyerera. Magazi amasiya kupita kwambiri kukhungu ndi kumimba, amasungidwira ubongo ndi mtima, mtimawo n'kumagunda mwaulesi. Mu 2019 akatswiri anafalitsa zomwe anayeza pa nangumi wa mtundu wa blue whale ku Monterey Bay ku California: ali pansi, mtima unkatsika mpaka kugunda kawiri kokha pa mphindi. Nangumi wina, Cuvier's beaked whale, anamuyezapo atakhala pansi mphindi 222, zomwe zinafalitsidwa mu 2020. Kachidutswa ka luso limeneli nafenso tili nako. Mukapita ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, viikani nkhope m'madzi ozizira aja mutagwira mpweya, chala chili pamtsempha wa pakhosi, mudzamva mtima ukuyamba kugunda pang'onopang'ono.

Tsono nkhondo imaononga zonsezi. Minofu ikamalimbana imadya okosijeni mwadyera, ndipo magazi otayika amapita ndi okosijeni wake yemwe. Kwa nyama yotere bala lotaya magazi ndi bala la mpweya.

Patebulo panga ndimachita chonchi, ndipo ndi lamulo langa, si la m'buku. Ikani nyemba 20 m'mbale pamene dolphin wapuma komaliza. Mphindi iliyonse ya ulendo wamba chotsani imodzi. Raundi iliyonse ya nkhondo chotsaninso imodzi yathunthu, ngakhale ndi masekondi 6 okha. Ma HP akatsika kudutsa theka, tayani theka la nyemba zotsala. Osewera akamaona mbale ikuyera ndi maso awo, palibenso wokangana.

Kumukweza pamwamba pakokha sikukwanira. Ma dolphin enieni aonedwapo akunyamula mnzawo wovulala kuti bowo likhale kunja kwa madzi, koma zimathandiza amene akadali ndi kamphamvu kotsegulira bowolo. Wokomokeratu ayenera kutsitsimutsidwa. Medicine check ya DC 10 (kuponya dayisi koyesa luso la zachipatala, kofuna 10 kapena kuposa) imangomukhazikitsa, siimudzutsa. Pakufunika machiritso obwezera ngakhale HP imodzi. Wina akafuna kumumwetsa potion, mankhwala ochiritsa a m'masewerowa, pansi pa madzi pomwepo, muloleni, chifukwa njira ya chakudya ya dolphin ndi yosiyana ndi ya mpweya, satsamwa nayo ngati ife.

Ndikudziwa kuti pagulu lanulo patuluka wina wonena za mvuu za mu Shire, zomwe zimagona m'madzi n'kumatulukira kupuma osadzuka n'komwe. N'zoona, ndipo mwa nyama zamoyo lero mvuu ndiye m'bale wapafupi wa anangumi. Koma luso limenelo ndi la mvuu, musalibwereketse kwa dolphin. Winanso adzati timukokere kumchenga. Kumeneko khungu limauma, thupi limatentha chifukwa cha mafuta ake, ndipo kulemera kwake kumapanikiza chifuwa. Ine ndimapereka exhaustion (mlingo wa kutopa) imodzi pa ola lililonse, pokhapokha akamamuthira madzi mosamala, osalowetsa m'bowo.

Loweruka likubwerali bwererani pa raundi imene dolphin anagwa ija. Tinene kuti anali atamira mphindi 6 nkhondo isanayambe, n'kumenya maraundi 4: nyemba zatsala 10, kudula pakati chifukwa cha bala, zatsala 5. Amenewo ndi maraundi 50, ndipo mwini wake adzaseka kuti nthawi ndi yambiri. Mufunseni Constitution modifier ya iye mwini. Ngati ndi +2, iyeyo mphindi zake ndi 3 basi, zina wazidya kale pa nkhondo, akusambira pa theka la liwiro lake, ndipo dolphin uja akunka natitimira.